Jekete Lonyowa pa Mlatho

Talandira anachedwa kutuluka pasukulu chifukwa choyeserera mwambo wa omaliza maphunziro wa mawa lake. Yunivesite yawo inali yaing'ono, ya zaulimi, yomangidwa papulazi yakale ya fodya kufupi ndi tauni ya Trelawney. Chithereni nkhondo yomenyera ufulu, aliyense womaliza maphunziro amabwera ndi kholo lake. Khololo limamenya chitsulo cha pulawo chopachika mumtengo, ophunzira onse nkululutira. Koma bambo ake a Talandira, a Lazalo, anali atakana kawiri konse. Ankati munthu wamukomboni ngati iwo, amene ena amamunyoza kuti Mubulandaya, kutanthauza wobwera wochokera kudziko lina, sangakaime pamaso pa aphunzitsi.

Kombi yomaliza yonyamula anthu inali itapita, koma Talandira sanadandaule. Msewuwo anauyenda kuyambira ali mwana, ndipo mumtima anali atatsimikiza kuti lero bambo ake avomera basi.

Mdima unamupeza akuyandikira mlatho. Achule analeka kulira. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi... Anaima. Nawo anaima. Anayenda. Nawo anayenda!

"Ndani?" anafunsa mokweza.

Pambali pake panatulukira mnyamata wamtali, wa chipsera patsaya. Anavala jekete lobiriwira la payunivesite pawo, koma lachikale, la mabatani achitsulo. Linkadontha madzi. Chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wathunthu.

"Ndiwe mwana wa Lazalo," anatero mnyamatayo. "Ukamuuze mng'ono wangayo kuti asaope chipata cha pasukulu chija. Ine ndinalowapo ndi nsapato zobwereka. Akamenye chitsulo kawiri. Koyamba akamenyere iwe..."

"Nanga kachiwiri?"

Talandira anacheuka. Pamlatho panalibe munthu! Panangotsala mapazi onyowa pasimenti. Anathera m'mphepete, pamwamba pa madzi.

Talandira sanathamange. Anakumbatira mabuku ake nayenda mpaka kukomboni.

Anapeza bambo ake pakhonde akumata jombo yong'ambika. Anawafotokozera zonse, osasiya liwu limodzi. A Lazalo anaika jomboyo pansi pang'onopang'ono.

"Chipseracho chinali mbali iti?"

"Kumanzere, ababa."

A Lazalo anaponya maso kunjira.

"Amenewo ndi achimwene anga, a Kalino, abambo ako aakulu," anatero potsiriza. "Mukomboni muno ndiwo anali oyamba kulowa pasukulu panupo, nkhondo itangotha. Chipseracho ndinawapatsa ndine ndi legeni tili ana. Mtsinje utasefukira unawakokolola pamlatho pomwepo mu 1984, kutatsala mlungu umodzi kuti amalize. Palibe anawamenyera chitsulo. Ndicho chifukwa chake sindinkafuna kupondako, mwanawe. Za Ubulandaya zija ndinkangonamizira."

Talandira anawagwira dzanja. Linali lozizira ngati lake.

A Lazalo anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nadzuka.

"Pansi pa bedi pali nsapato zakuda. Kandipukutire. Ndipo mawa undidzutse tambala woyamba."