Fwefwe Akana Kumina

Uyu ndi Fwefwe. Dzinali anamupatsa ndi ana a m'kalasi mwake. Mphuno yake inali yotsekeka. Akamapuma, inkalira kuti fwe, fwe.

Fwefwe ankafuna mnzake, ngakhale mmodzi.

Kusukulu ankakhala yekha pabenchi. Ana ankaopa kuti awapatsira chimfine. Kunyumba ankakhalanso yekha. Amayi ake ankasoka zovala kufakitale. Ankabwera dzuwa litalowa.

Tsiku lina Amayi anapita naye kuchipatala. Anesi anamuunika m'mphuno ndi katochi. Anamupatsa madzi a mchere otsukira m'mphuno. Anati azitsuka, kenako azimina. Anatinso azidya yogati, chifukwa muli tizilombo tabwino.

"Tizilombo tabwino?" anafunsa Fwefwe.

"Eya, mwanawe," anatero anesi. "Tina timakhala m'mimba. Tina timakhala m'mphuno momwemo. Amenewo ndi anzako."

Fwefwe anagwira mphuno yake bwinobwino. Kani anali ndi anzake!

Kuyambira tsikulo, ankadya yogati mpaka kunyambita supuni. Akaweruka kusukulu, ankakhala pawindo. Ankacheza ndi anzake a m'mphuno. Ankawauza za masamu ovuta. Ankawauza za benchi yake. Iwo sankayankha, koma sankamuthawa.

Koma kumina kokha ayi. Fwefwe sankamina. Madzi a mchere ankawataya m'sinki. Mphuno inatsekeratu. Mutu unayamba kumuwawa.

Loweruka Amayi sanapite kuntchito. Anamupeza akutaya madziwo.

"Iwe, ukutayiranji mankhwala?"

Fwefwe anayang'ana pansi. "Ndikamina, anzanga atuluka. Nditsala ndekha."

Amayi anafuna kuseka, koma analephera. Mtima unawawawa kwambiri. Anamukhazika pamiyendo pawo. Anamuuza kuti tizilomboto ndi tambirimbiri. Tizilomboto sitingathe chifukwa cha kumina. Ndiponso timakonda m'nyumba mosesa bwino.

"Nanunso simuchoka?" anafunsa Fwefwe.

"Lero ndili pano. Mawanso ndili pano. Lolemba ndikaweruka, uzindiuza inenso nkhani zako."

Amayi anamutsuka mphuno ya kumanja. Anamutsukanso ya kumanzere. Anamugwirira kansalu. Fwefwe anatsinzina. Anamina kamodzi. Anaminanso mwamphamvu, mpaka Amayi anadzidzimuka. Onse awiri anaseka.

Mpweya wozizira unadutsa m'mphuno. Fwefwe anatsamira pakhosi pa Amayi. Anakoka mpweya pang'onopang'ono. Anakokanso.

"Amayi," anatero Fwefwe, "kani mumanunkhira bwino chonchi?"