Fungo la Bonita

Pafamu pano aliyense amadziwa kuti ine Lalo ndine tambwali. Ndinamangirirapo zitsulo za kumapazi a hatchi kundodo n'kumagogoda pasimenti kuseri kwa labu, nyumba yopimira ziweto, mpaka Dokotala Renfro, mayi woyang'anira labuyo, anadzithira khofi ndi mantha. Ndiye mukapanda kukhulupirira izi, sindikudandaulani.

Bonita anali hatchi ya malemu Velma, akazi awo a Bambo Orval. Anali wokalamba, wotsimphina mwendo wakumbuyo. Tsiku lomwe Bonita anafa, adokotala anamuchotsa mazira thupi lisanazizire, nawaphatikiza ndi mbewu ya mphongo. Panapulumuka kamluza kamodzi kokha, kosaoneka ndi maso, m'kambale, m'bokosi lofunditsira.

Bokosilo lili ndi malamulo kuposa tchalitchi. Lizifunda ngati m'mimba mwa hatchi. Osatsegulatsegula. Kuwala ayi. Fungo ayi, kaya la fodya, la sopo kapena la khola. N'chifukwa chake kiyi wa chipindacho ine sandipatsa.

Bambo Orval ankabwera madzulo aliwonse n'kuima pawindo, chipewa m'manja.

"Mukudikira chiyani, madala? Kakupatseni moni?"

"Tseka pakamwa, Lalo. Chomwe Velma anandisiyira n'chomwechi."

Madzulo ena ndinatsala ndekha, ndikudya nyemba zanga. Kunayamba mvula yathu ya ku Texas ija, yogwa n'kuundana pomwepo. Magetsi anathima. Jenereta anatsokomola n'kungoti zii.

Ndinaimbira adokotala.

"Lalo, ngati ndi masewera ako aja, ndikusenda khungu."

"Mayi, ndikulumbira."

"Msewu wonse ndi ayisi, sindingafike. Usaswe chitseko, ungalowetse mphepo. Limbana ndi jenereta."

Ndinalimbana naye mpaka zala zinasiya kumva. Osatheka. Ndinakhala pansi m'khonde la labu, msana kukhoma, ndikuganiza za nkhope ya Bambo Orval.

Kenako ndinamva mapazi.

Go. Go. Go. Khwee.

Atatu akuponda, limodzi likukwekwerezeka. Kayendedwe kameneko ndinakamva m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Ndinaunika ndi tochi. M'khonde munalibe kanthu. Koma mapaziwo anandidutsa, pafupi kwambiri, ndipo tsaya langa linamva kufunda.

Anaima pachitseko chokhoma chija. Kenako ndinawamva ali mkati.

Sindinayang'ane pawindo. Ine wotopetsa anthu ine, ndinangofunda jekete kumutu. Mkatimo china chake cholemera chinagona pansi, n'kupuma mpweya wautali kudzera m'mphuno. Chinapuma choncho usiku wonse.

"Bonita," ndinanong'ona, "ukawononga kanthu, anena kuti ndine."

Kutacha adokotala anafika limodzi ndi Bambo Orval. Atatsegula chitseko, anabwerera m'mbuyo. Chipinda chonse chinali fungo la thukuta la hatchi.

"Lalo! Walowetsamo chiyani muno?"

"Ndilowa bwanji, mayi? Kiyi ali m'manja mwanumo."

Makoma anali ozizira ngati mwala. Anagwira bokosi lija, kenako anagwiranso. Mbali imodzi inali yofunda. Anatenga kambale n'kuyang'ana pamakina awo oonera tinthu ting'onoting'ono, nthawi yaitali.

"Kali moyo," anatero. "Kakula."

Kamluzako anakaika m'mimba mwa hatchi ina, ndipo kanagwira. Anyamata a m'khola amanong'onezana kuti ndinalowera kudenga ndi bulangeti la hatchi. Ena amati bokosi labwino limasunga kutentha palokha. Adokotala sanena kanthu, koma paja sanandikalipirenso za fungolo.

Bambo Orval sanafunse aliyense. M'mawa wa tsiku lija anaima pakhomo la chipinda chija, nakoka mpweya wambiri, maso ali otseka. Kenako anavula chipewa.

"Velma yekha ndiye ankatha kumutsegulira zitseko Bonita ameneyu," anatero.