Katani Yotsokomola ya ku Ras Al Khor

Chaka cha korona chija, Kizito anapeza ntchito yoti alonda anzake ankamuchitira nayo nsanje. Kulondera nsalu! Nsalu imodzi basi, m'weyahausi ya ku Ras Al Khor, ku Dubai.

Inali katani yaikulu ya sinema yakale ya ku Bur Dubai, yojambulidwa ndi penti: nyanja, bwato, amuna osaka ngale. Anailuka ndi asibesitosi, ulusi uja wa fumbi lowononga mapapo, kuti isamapse. Madamu amene ankaikonza anaitsekera m'tenti ya pulasitiki, makina oyamwa fumbi akulira usana ndi usiku. Polowamo ankavala ovolosi yoyera ndi chimasiki cha mphuno ziwiri, n'kumawaza guluu pang'onopang'ono kuti ulusi usauluke.

"Kizito, usadzalowemo," anatero Madamu. "Fumbi ili likalowa m'chifuwa silitulukanso. Khalas, kwatha basi."

"Yesi, Madamu."

Madzulo ena, kefiyu yoletsa kuyenda usiku itangoyamba, misewu ili zii, Kizito ankamwa tiyi pakhomo. Anangomva, kho! Kho-kho!

Masiku amenewo ukatsokomola, basi yonse inkakuthawa. Anatchera khutu. Chifuwacho chinkachokera m'tenti.

Mwamuna anadumpha ndi chimwemwe. Wakuba! Akamugwira ameneyu, usupavaiza ndi wake. Anaimbira Rogers, mnzake wa ku Zambia wogona naye chipinda chimodzi.

"Aise, wakuba wadzitsekera yekha!"

"Iwe mudala, osangena mmenemo!"

"Ndili ndi masiki."

"Ka pepala kaja?"

"Masiki ndi masiki, aise."

Anatsegula zipi. Mkati munali fungo la penti wosauma. Anawunika tochi. Makwerero amitengo. Pamwamba pake nkhalamba yoonda, ndevu mbuu, ikupala katani ndi mpeni. Fumbi likuyoyoka ngati ufa.

"Yalla, habibi, fulumira," inatero osacheuka. "Gwira makwerero."

Kaya chinamugwira n'chiyani Kizito. Anangopezeka wagwira. Makwererowo anali ozizira, opepuka ngati palibe munthu. Nkhalamba inaponya mpeni, n'kutenga burashi. Kho! Kho-kho!

Apa ndi pamene ulemu wa Chimalawi unamupweteka. Munthu wamkulu akutsokomola chonchi, kukamwa kuli pamtunda?

"Baba, valani iyi."

Anavula masiki yake, n'kupereka.

Nkhalamba inacheuka. Sinalandire. Inangomuyang'anitsitsa. Maso, mphuno, yunifomu. Kenako kukatani, kulemba pang'ono, kumuyang'ananso.

"Usagwedezeke," inatero. "Puma."

Kizito anapuma mpweya wa fumbi uja.

Kutacha, Madamu anamupeza m'tenti muja ali chilili, atayera ngati watuluka kuchigayo, manja atagwira mphepo. Makwerero panalibe. Anakuwa, n'kumuthira madzi thupi lonse, yunifomu n'kuimanga m'thumba lofiira. Kenako anayang'ana katani, n'kukhala pansi.

M'bwato muja munali munthu watsopano. Nsapato zakuda, buluku la mlonda, lamba. Kuyambira m'chiuno kukwera kunali mizere chabe.

Korona sanamupeze nayo. Adokotala anati asibesitosi sathamanga, amadikira zaka zambiri, ndiye azibwera kudzaunikidwa.

Madalaivala achipakistani a m'deralo amanong'ona kuti amene anajambula katani ija anafa ndi chifuwa ntchito asanaimalize, ndipo bwato lake linatsala ndi malo a munthu mmodzi.

Kizito anamusamutsira kukalondera mafulati ku Sports City. Amaseka, amati anajambulidwa ulere ku Dubai. Koma sabata yatha anakumana ndi mlonda amene analowa m'malo mwake.

"Chafika pati chithunzi chija?"

Mnzakeyo anayang'ana pansi.

"Penti wafika pachifuwa, achimwene."