Ndalama Zonunkha Dothi

Dzuwa linali litapendeka pamene Tusekele ankaanula zovala kuseri kwa kanyumba kake ka lendi ku Area 23. Galimoto yoyera inaima pampanda, ndipo anatsikamo Enerst, mwamuna amene anasudzulana naye chaka chatha.

Khoti linagamula kuti Enerst azipereka K50,000 mwezi uliwonse yothandizira Tusekele ndi mwana wawo Sungeni, wa Sitandade 5. Mkuluyu anapereka kawiri kokha, kenako n'kutseka m'makutu. Tusekele anayenda mpaka zidendene kung'aluka, kukhoti, kwa ankhoswe, kushopu ya Enerst ya zipangizo zomangira ku Biwi, koma yankho linali limodzimodzi lakuti bizinesi sikuyenda. Chonsecho shopuyo inkangofufuma ngati mandasi m'mafuta. A ku Biwi ankanong'ona kuti munthuyu ndi wokhwima, pakuti antchito ake awiri anamwalira chaka chimodzi, onse atangolandira malipiro. Tusekele ankati ndi nsanje chabe.

"Make Sungeni, ndabwera nazo zonse, za miyezi khumi ndi iwiri," anatero Enerst akutulutsa envulopu. "Loweruka ndikumanga ukwati ndi Monalisa. Sindikufunanso za makhoti."

"Bwanji osangotumiza pafoni?"

"Izi n'zapamanja. Tambasula dzanja, unene kuti walandira."

Tusekele anali mayi wa geni ya tomato, ndipo wageni aliyense amaopa chitaka, ndalama ija yokhwimira imene imalowa m'thumba mwako n'kutuluka itakoka zinzake zonse. Anapinda manja.

"Ikani m'beseni mmenemo."

"Ndati landira!"

"Ndati m'beseni."

Nkhope ya Enerst inachita mdima. Koma Mayi Agatha, oyandikana nawo, anali ataima pakhomo pawo maso ali tong'o, ndiye kubweza ndalamazo m'thumba kukanakhala kudzichotsa ulemu. Anaponya envulopuyo m'beseni n'kuchoka osatsanzika.

Zinali za K5,000 zokhazokha, zatsopano, koma zozizira ndi zachinyontho. Zinkanunkha dothi lofukulidwa kumene, chonsecho munali mu Okutobala, mvula isanadonthe ngakhale kamodzi. Tusekele anaziika m'chitini cha mkaka, nathiramo makala atatu monga amachitira anzake kumsika, kuti zisathawe. Mtima unakhala pansi. Anaiwala kuti fisi akagwa m'mbuna sayankhula, pomwe Enerst anabwera yekha akuyankhula molamula.

Lolemba analipira lendi ya miyezi itatu kwa eni nyumba, Bambo Gilford. Lachiwiri anagula thumba la chimanga kwa Yaseen kumsika. Lachinayi m'mawa anapatsa Sungeni K5,000 ya mayeso. Mwana woleredwa bwinoyo anagwada, nalandira ndi manja awiri.

Masana a tsiku lomwelo kunamveka mfuu. Bambo Gilford anagwa akuthirira masamba n'kufera pomwepo, osadwala ngakhale mutu. Amene anawanyamula anati m'zikhadabo mwawo munali dothi lakuda lonyowa, losiyana ndi katondo wa pabwalopo. Lachisanu uthenga unafika wakuti Yaseen wapezeka atauma atakhala pathumba, sikelo ili m'manja. Agalu a mdera lonselo anayamba kulira dzuwa likuswa mtengo, onse atayang'ana kunyumba ya Tusekele.

Pobwera kusiwa madzulo a Lachisanu, anapeza Sungeni atagona pamkeka, thupi lili zii ngati mtsuko. M'nyumba monse munali fungo lija. Pansi pa bedi, chitini chinkalira kuti tswa, tswa, ngati wina akuwerenga ndalama ndi chala chonyowa. Tusekele anachitsegula. Za lendi zinalimo, za chimanga zinalimo, zili ndi mikwingwirima yomwe ija ya makala ake. Anawerenga katatu. Inkasowa imodzi yokha.

Anathamangira kwa Mayi Agatha.

"Amayi, zabwerera! Zonse zimene ndinalipira zabwerera!"

Mayi Agatha anagwira pakamwa. "Mwana wanga, chimenecho si chitaka. Izo zimapita kukatenga munthu, zikam'tenga n'kubwerera kwa wopereka. Enerst anafuna iweyo, kuti asakhalenso ndi woti azim'lipira."

"Nanga Sungeni? Ndinam'patsa dzulo."

"Bambo Gilford masiku atatu. Yaseen masiku atatu. Werenga wekha."

"Lamulungu," ananong'ona Tusekele.

"Pokhapokha zitabwerera kwa mwini wake. Koma alandire yekha, anene ndi pakamwa pake."

Ndalama yosowayo anaipeza m'kope la Sungeni, poti aphunzitsi olandira za mayeso anali asanabwere. Inali itanyowetsa masamba anayi. Koma Enerst angalandire bwanji chinthu chimene ankachidziwa fungo lake? Akanangomuona Tusekele patali, manja akanabisa kumbuyo. Mayiyo anakhala pamkeka atagwira phazi lozizira la mwana wake, mantha ndi ukali zikulimbana m'chifuwa, mpaka anakumbukira mawu a Enerst mwini: Loweruka ndikumanga ukwati.

Holo ya ku Kawale inadzaza mpaka pakhomo. Nthawi ya perekaniperekani, Enerst anaima kutsogolo atanyamula dengu, suti ikuwala, akumwetulira ngati munthu wopanda mlandu. Woyendetsa mwambo anaitana achibale, anaitana a kumpingo, kenako anakuwa kuti, "Tsopano aliyense wowafunira zabwino!"

Tusekele analowa pakati pa chikhamu cha amayi ovina, duku litaphimba chipumi. Ankavina ngati mnzawo, koma misozi inkatsika. Atafika padengu anayamba kuponya. Imodzi, khumi, makumi asanu, zonse za K5,000. Holo inaphulika ndi nthungululu. Enerst sanayang'ane nkhope ya woponyayo, maso ake anali m'dengu, monga analili masiku onse.

"Anthuni, onani amayi awa!" anakuwa woyendetsa mwambo, akulozetsa maikolofoni pakamwa pa mkwati. "Akuluakulu, tiuzeni, mwalandira kapena simunalandire?"

"Ndalandira!" anatero Enerst akuseka. "Ndalandira ndi manja awiri!"

Tusekele anaponya yomaliza, ija ya m'kope, n'kukankhira duku m'mbuyo.

Apo m'pamene fungo linam'fika Enerst. Kuseka kunauma pamilomo. Anayang'ana mikwingwirima ya makala, anayang'ana Tusekele, dengu n'kugwa pansi. Nyimbo inapitirira, anthu akuti mkwati wakomoka ndi chimwemwe.

Lamulungu linadutsa Tusekele ali chigwirire dzanja la mwana wake. Lolemba Sungeni anatuluka thukuta, natsegula maso, napempha phala. Mayi ake analira mokweza mpaka oyandikana nawo anathamangira kuganiza kuti kwagwa zovuta.

Lachiwiri masana Mayi Agatha anafika foni ili m'manja. 

"Ku Biwi akhoma tenti ya maliro."

Tusekele anatembenuka. Khutu lake linali kuchipinda, kumene kunkamveka kaphokoso kaja, tswa, tswa. Anagwada, nakoka chitini chimene anachisiya chopanda kanthu. Chinali cholemera. Zonse zinalimo, zonyowa kuposa kale, pakuti nthawi inonso wopereka anali iye.

Ali chigwadire anamva odi. Pakhomo panaima Bright, mwana wamkulu wa malemu Gilford, kabuku kali m'khwapa.

"Pepani amayi, tikulongosola za bambo. Ndalama za lendi zimene mukuti munapereka sitinazipeze paliponse, ndipo m'bukumu sanalembe. Tithandizeni lero, apo ayi pali wina akufuna nyumbayi."

Tusekele anayang'ana Sungeni akumwa phala pamkeka. Pathumba lake la geni panalibe ngakhale ya sopo. Chitini chinali m'manja mwake, ndipo mnyamatayo anali atatambasula kale dzanja.