Junta ya Armindo

Kunyumba kwa a Custódio ku Furancungo ntchito inkayamba ndi pemphero. Iwo anali makaniko, ndipo mu 1986, nkhondo itayandikira, galimoto yawo yakale ndi yokhayo inkayenda m'dera lawolo. Ankaisamala chifukwa cha akazi awo, a Albertina, amene miyendo yawo idafa. Ankadziwa kuti tsiku lothawa likadzafika, mayiwo sadzatha kuyenda wapansi.

Mwana wawo Armindo anali mnyamata wa manja aluso, koma wamakani ndi waulesi. Ulesi wakewo ankautcha nzeru.

Tsiku lina karitele, beseni losunga olyo kunsi kwa injini, idayamba kudontha. Junta yake, kachikopa kotseka mpata pakati pa beseni ndi injini, inali itatha, ndipo yogula kunalibe. A Custódio adadula ina pa katoni yolimba. Dzanja lawo linali lotupa ndi bala, choncho adaitana mwana wawo.

"Upale junta yakale yonse mpaka chitsulo chiwale," adatero. "Utsuke ndi gazolina, uumitse, upake kola yomatira. Maparafuzo, mabawuti a besenilo, umange modumphitsa, lina uku, lina tsidya, pang'onopang'ono. Ukamanga motsatana beseni lipindika."

"Ababa, ndakulira pansi pa galimoto imeneyi. Mundiphunzitsa chiyani?"

"Amene adzakwere m'menemo ndi mayi ako."

"Ndamva. Kapena mumanga nokha ndi dzanja lanulo?"

A Custódio adapita kukatsukitsa bala lawo.

Armindo atangoyamba kupala, adatulukira Basílio, mnzake wa ku mowa.

"Iwe, kwa a Rosa atcheza kachasu, ndipo akutha. Ukupaliranji? Yakale ndi yatsopano zikaphatikizana ndiye zitseka kawiri."

"Akulu aja akuti ndipale."

"Alowa pansipo kukaona? Anthu tikhoza kufa ndi mfuti mawa, iwe ukufera beseni?"

Armindo adaseka. Adasanjika junta yatsopano pa zotsalira za yakale, n'kumanga maparafuzo motsatana ndi mphamvu zake zonse. M'mbali adamatamo sopo kuti dontho lisaoneke msanga. Nzeru yobisira anali nayo yambiri mnyamata ameneyu.

Atabwerako, bambo ake adamufunsa ngati adapala.

"Ndapala. Mukufuna ndilumbire?"

"Mwanangu, ukununkha mowa," adatero a Albertina ali pa mphasa.

"Ndi gazolina, Amayi."

Patapita masiku atatu, mfuti zidalira m'mamawa kuseri kwa phiri. Adanyamula a Albertina n'kuwagoneka kumbuyo, amayi ena oyandikana nawo n'kukwera, ulendo wa ku malire a Malawi. Armindo ndiye ankayendetsa. Injini itatentha, sopo uja adasungunuka.

"Ima," adatero a Custódio. "Nyali ya olyo yayaka."

"Nyali imeneyi imanama."

"Ndati ima."

"Tiime kuti atipeze? Sindiima ine."

Injini idayamba kugogoda, kenaka idauma gwa, pakati pa tchire. A Custódio adakwawira pansi. Adatuluka atagwira kachidutswa kakuda ka junta yakale, n'kukaika m'dzanja la mwana wawo.

"Katoni yanu ndiyo inali yofewa," adatero Armindo. Ngakhale pamenepo sadagonje, ndipo ine wokuuzani nkhaniyi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Anthu adatsika n'kubalalikira m'tchire. Bambo ake sakadatha kunyamula munthu ndi dzanja limodzi, choncho Armindo adabereka mayi ake kumsana. Adayenda tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo, popanda madzi. Tsiku lachiwiri thupi la mayiwo lidatentha ngati moto, mawu akutuluka movutikira.

"Mwanangu," adanong'ona kukhutu kwake, "ndiuze ine ndekha. Udapala?"

Armindo adayenda pang'ono. Kenaka makani adamuthera, misozi ili chuchuchu.

"Sindidapale, Amayi. Ndidapita ku mowa."

"Ukawauze bambo ako. Usafe nalo bodza."

Adawauzadi, atagwada pa fumbi. Koma a Albertina adamwalira masana omwewo, phiri la ku malire likuonekera patsogolo. Adawaika m'tchire, manda okumba ndi chitsulo chochotsera matayala, popanda nyimbo kuopa kumveka.

Achinyamata, ntchito imene mwaibisa kunsi kumene palibe woona, Mulungu amaiona, ndipo tsiku lake limafika. Armindo adalapa, bambo ake adamukhululukira, koma kulapako sikudadzutse mayi ake. Kupala chitsulo chija kukadangomutengera ola limodzi.