Olipa ndi Nthochi za Atate

Olipa anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Ndake, kufupi ndi Nyimba. Ankakhala ndi amai ake. Atate ake anali ku migodi, kutali kwambiri. Inali nthawi ya Chitaganya, azungu akulamulira dziko. Abambo ambiri ankagwira ntchito kutali ndi kwawo.

Olipa ankawasowa atate ake. Ankawasowa m'mawa. Ankawasowa madzulo.

Kuseri kwa nyumba kunali nthochi. Atate ndiwo anaibzala. Anaibzala tsiku limene ankachoka.

"Uziithilila, Olipa," anatero atate.

Olipa anaithirira. Chilimwe chonse anaithirira. Tsopano nthochiyo inali itabereka mkoko. Mkokowo unali ndi mapava asanu. Amai anaudula. Anaupachika kukhitchini kuti upse.

Tsiku lina kunabwera azakhali a Virginia. Iwo anali mlongo wawo wa atate. Anali namwino pa chipatala cha ku migodi. Anabwera ndi kalata ya atate. Amai anaiwerenga mokweza.

"Pansi pa mgodi pali mdima," inatero kalatayo. "Tsiku lonse ndimaona zakuda zokhazokha. Kodi nthochi yanga ija inabereka? Ndikanakonda kuiona."

Olipa anadumpha.

"Ndiwatumizila! Azakhali, mukawapatse!"

Azakhali anaseka. "Iwe mwana, ulendo ndi wautali. Pali basi, pali sitima. Nthochi zakupsa zikafika zili phala."

"Ndiye ndiziyanika," anatero Olipa.

"Ndinyamuka pakapita masiku khumi," anatero azakhali.

"Masiku khumi ndi ambili," anatero Olipa.

Amai anapukusa mutu. "Mwana uyu, makani anatengela atate ake."

Zinali zoona ndithu. Olipa akati achite chinthu, simungamubweze.

M'mawa mwake Olipa anathyola phava loyamba. Anasenda nthochi. Anazidula tizidutswa topyapyala. Tizidutswato tinali toyera bwino. Anatiyala pa lichero. Anaika lichero padzuwa.

Olipa anapita kukatunga madzi. Pobwerako anathamangira ku lichero.

Nthochi zada. Zada bii!

Azakhali anasuzumira. "Kodi atate ako uwatumizila makala?"

Amai analawa kamodzi. "Kukoma zikukoma," anatero. "Ingotumiza zomwezi."

"Iyai," anatero Olipa. "Atate atopa nazo zakuda. Ndifuna aone zoyela."

Mtima unamuwawa. Koma sanalire.

"Ndiyesanso," anatero.

Anatsala mapava anayi.

Tsiku lachiwiri Olipa anaganiza. Mwina nthochi zimada ndi litsiro. Anasamba m'manja. Anatsuka lichero. Anadula phava lachiwiri. Anatsuka tizidutswa tonse m'madzi. Anatiyala padzuwa. Anakhala pomwepo, maso ali pa lichero.

Pang'onopang'ono nthochi zinayamba kusintha. Dzuwa lisanafike pamutu, zinali zitada.

Zada. Zada bii!

"Si litsilo," anatero Olipa. "Ndiyesanso."

Anatsala mapava atatu.

Tsiku lachitatu amai anadzuka ndi chifuwa. Anatenga ndimu limodzi m'dengu. Analidula pakati ndi mpeni. Anafinyira theka m'madzi otentha. Anamwa. Mpeni anausiya pa mtondo.

Olipa anaganizanso. Mwina nthochi zimapsa ndi dzuwa. Anatenga mpeni uja pa mtondo. Anadula phava lachitatu. Lichero analiika pamthunzi, pansi pa nkhokwe.

Masana anapita kukaona.

Zada. Zada bii!

Olipa anakhala pansi. Misozi inalengeza m'maso. Kenaka anaona chinthu. M'mphepete mwa lichero munali tizidutswa titatu. Titatu tokha. Tinali toyera!

"Amai! Azakhali! Bwelani muone!"

Onse anabwera. Onse anadabwa.

"Mwina ndi mwayi chabe," anatero amai.

Olipa sanakhulupirire za mwayi. Anatiyang'ana tizidutswa titatu tija. Anakumbukira kuti ndi timene anayamba kudula. Anatola kamodzi. Anakanunkhiza. Anakanyambita. Nkhope yake inachita makwinya.

"Kakuwawasa!" anakuwa Olipa.

Anathamangira ku mtondo. Anatenga mpeni. Anaununkhiza.

"Ndimu! Mpeni unali ndi ndimu!"

Olipa anafuna kutsimikiza. Anadula tizidutswa tiwiri. Kena anakapaka ndimu. Kena sanakapake. Anatiika pamodzi pa tsamba. Anadikira. Kopanda ndimu kanada. Kopakidwa ndimu kanakhalabe koyera.

Azakhali anaomba m'manja. "Iwe, wandikumbutsa za kusukulu ya unamwino! Khala apa ndikuuze."

Olipa anakhala pa mphasa.

"M'nthochi muli tiantchito," anatero azakhali. "Ndi tating'ono kwambili. Maso sangatione. Dzina lake ndi maenzaimu."

"Ma-e-nza-i-mu," anatero Olipa pang'onopang'ono.

"Eya. Kalikonse kali ndi ntchito yake imodzi. Kena kamafewetsa nthochi. Kena kamaipatsa kutsekemela. Kena kamaidetsa."

"Kodetsako ndiye mdani wanga," anatero Olipa.

Azakhali anaseka. "Nthochi ikakhala yosasenda, iko kamangokhala phee. Ukadula, mpweya umalowa. Kakakumana ndi mpweya, kamayamba ntchito. Kamagwila mofulumila. Sikatopa, ndipo sikatha."

"Nanga ndimu limatani?"

"Ndimu ndi choletsa. Bweletsa manja ako."

Azakhali anagwira manja onse awiri a Olipa. Anawagwira zolimba.

"Senda nthochi," anatero.

"Sindingathe! Mwandigwila manja!"

"Ndi momwemo. Madzi a ndimu amagwila manja a kodetsa kaja. Iko kalipo ndithu. Koma ntchito sikangagwile."

Olipa anasangalala kwambiri. Anavinavina pabwalo. Nkhuku zinabalalika.

Anatsala mapava awiri.

Tsiku lachinayi panali vuto. M'nyumba munali kachidutswa ka ndimu kokha. Nthochi zinali zambiri. Olipa anachita nzeru zake. Anadzaza beseni ndi madzi. Anafinyiramo kandimu kaja. Madontho anali asanu okha. Anadula phava lachinayi. Anaviika tizidutswa m'beseni. Anatiyala padzuwa.

Poyamba zinali zoyera. Olipa anamwetulira. Patapita nthawi zinayamba kufiira. Madzulo zinali zitada.

Ulendo uno Olipa analira. Analira kwambiri.

"Azakhali, mwandinamiza! Choletsa sichinaletse!"

Azakhali sanakwiye. "Bweletsanso manja," anatero.

Anagwira kachala kamodzi kokha ka Olipa.

"Senda nthochi."

Olipa anayesa. Zinamuvuta pang'ono. Koma anasenda.

"Waona?" anatero azakhali. "Choletsa chikachepa, ntchito imangochedwa. Siima. Madontho asanu sangagwile tiantchito tonse."

Olipa anapukuta misozi. Anayang'ana kukhitchini. Pa mkoko panatsala phava limodzi. Limodzi lokha. Linali litapsa kale. Nthochi zakupsa sizidikira munthu. Likada limeneli, atate saona kanthu.

"Mandimu ali kuti?" anafunsa Olipa.

"Ali kudimba kwa aDaka," anatero amai. "Koma ndi kutali, kutsidya kwa mtsinje."

"Ndipita mawa," anatero Olipa.

Tsiku lachisanu Olipa analawirira. Anatenga kadengu. Anayenda. Anadutsa minda ya thonje youma. Anayenda. Anafika pa mtsinje. Mu mtsinje munalibe madzi. Munali mchenga wokhawokha. Mchengawo unali wotentha. Unamuotcha kumapazi. Olipa anathamanga chodumphadumpha mpaka kutsidya.

ADaka anali mkulu wa imvi. Anali kuthirira mpiru m'dimba mwawo. Olipa anagwada.

"Bambo aDaka, ndabwela kudzapempha mandimu."

"Ndani adwala?" anafunsa aDaka.

"Palibe. Ndifuna kugwila manja a maenzaimu."

ADaka anaika chitini chothirira pansi. "Manja a ndani?"

Olipa anafotokoza zonse. Anafotokoza za atate. Anafotokoza za nthochi. ADaka anakanda kumutu.

"Ana a lelo!" anatero. "Za manja sindinamve. Koma za atate ako ndamva. Mandimu atsala ochepa, pamwamba. Thyola wekha. Uchenjele ndi minga."

Mtengo unali wautali. Olipa anadumpha. Sanafikire. Anatola nsungwi. Anagogoda nthambi. Ndimu limodzi linagwa. Anagogodanso. Lina linagwera pakati pa minga. Olipa anapisa dzanja. Minga inamubaya. Anati, "Mayo!" Koma ndimu sanalisiye.

M'kadengu munalowa mandimu asanu ndi limodzi.

"Zikomo kwambili, Bambo," anatero Olipa.

Atafika kunyumba, sanapume. Anatenga mbale yaing'ono. Beseni analisiya. Anafinya mandimu onse. Madzi a ndimu analowa m'mabala a minga. Zinawawa zedi. Olipa analuma mano. Anafinyabe.

Anathyola phava lomaliza. Anadula kachidutswa, anaviika. Anadula kena, anaviika. Palibe kamene anakaiwala. Anatiyala pa lichero. Anaika lichero pa thandala.

Kenaka anadikira. Anakhala pafupi ndi thandala.

Dzuwa linafika pamutu. Olipa anasuzumira. Zoyera.

Dzuwa linapendeka. Olipa anasuzumira. Zoyerabe!

"Amai! Sizinade! Azakhali! Sizinade!"

Koma ntchito inali isanathe. Nthochi zinayenera kuuma. Olipa anazilondera masiku atatu. Nkhuku inakwera pa thandala. Olipa anaipirikitsa. Mbuzi inatalikitsa khosi. Olipa anaipirikitsa. Azakhali anatambasula dzanja kuti alaweko.

"Azakhali, inunso?" anatero Olipa.

Azakhali anabweza dzanja, akuseka.

Nthochi zinauma bwino. Zinasanduka zachikasu chowala. Olipa anaziika m'chitini cha tiyi. Anatseka. Anamanga ndi luzi.

Tsiku la ulendo linafika. Olipa ndi amai anaperekeza azakhali ku Nyimba. Basi yochokera ku Fort Jameson inabwera ndi fumbi. Azakhali anakwera. Chitini anachiika pamiyendo.

"Musadye m'njila!" anakuwa Olipa.

Anthu a m'basi anaseka. Basi inanyamuka.

Masiku anapita. Kalata sinabwere. Olipa ankada nkhawa. Kodi chitini chinafika? Kodi nthochi zinada m'njira? Kuti asamangoganiza, anatenga njere za ndimu. Anazibzala kuseri kwa nyumba. Pamenepo panali pataphuka mwana wa nthochi.

Mvula inagwa. Chimanga chinamera. Njere imodzi ya ndimu inameranso.

Tsiku lina masana, galu anauwa. Olipa anatuluka. Panjira pankabwera munthu. Anali ndi sutikesi paphewa. Kayendedwe kake Olipa ankakadziwa.

"Atate! Atate!"

Anathamanga. Atate anaika sutikesi pansi. Anamunyamula m'mwamba. Amai anatuluka akululuta.

Atakhala pa mphasa, atate anatsegula sutikesi. Anatulutsa chitini cha tiyi chija.

"M'mawa uliwonse ndinkatenga kamodzi," anatero atate. "Ndinkayamba ndakayang'ana. Kenaka ndinkadya. Ndikatelo, ndinkalowa pansi pa mgodi. Mdima sunkandiopsanso."

Anatsegula chitini. Munatsala kachidutswa kamodzi. Kanali kachikasu ndithu.

"Aka ndinasunga. Ndinati tikadye tonse."

Atate anakanyema patatu. Kena amai. Kena Olipa. Kena atate. Kanali kotsekemera. Kanalinso kowawasa pang'ono.

Amai anasimba zonse. Anasimba za makala. Anasimba za mpeni. Anasimba za minga ya kwa aDaka. Atate anayang'ana dzanja la Olipa. Tizipsera tinali tikuonekabe.

"Makani amenewa," anatero atate, "anatengela amai ake."

"Atate ake!" anatero amai.

Onse anaseka.

Olipa anagwira dzanja la atate. Anawatengera kuseri kwa nyumba. Anawaonetsa mwana wa nthochi. Anawaonetsa kamtengo ka ndimu. Kanali ndi masamba anayi okha.

"Aka ndinabzala ndine," anatero Olipa. "Mvula ikatha, muzikathilila, atate."

Atate anagwada pansi. Anagwira katsamba kamodzi.

"Ndizikathilila," anatero atate. "Ku migodi sindibwelelanso."