Mazira a Yasmin Akwera Njinga

Yasmin ankafuna anapiye. Ankawafuna kwambiri.

Nkhuku anali nayo. Inali yakuda, ya mtundu wa mikolongwe. Dzina lake linali Abiti Yendayenda. Nkhukuyi inkaikira dzira m'mawa. Ikaikira, inkatetera. Ikatetera, inkanyamuka ulendo ndi tambala. Za kufungatira mazira inalibe nazo ntchito. Nkhuku za mikolongwe ndi zotero. Kuikira zimatha, koma kukhala pansi zimakana.

Yasmin ankatola mazirawo. Ankawasunga m'dengu. Anakwana khumi. Koma dzira lopanda wolifungatira silikhala mwanapiye. Izi zinkamuwawa Yasmin.

Tsiku lina foni ya amayi inalira. Anali achemwali ake a Yasmin, a Alima. Iwo anakwatiwa ku Malosa. Anati thadzi lawo lachikuda layamba kufungatira. Koma galu anali atadya mazira ake onse. Thadzilo linkangogona pa chisa chopanda kanthu. Anati mazira a Yasmin apite msanga, thadzilo lisanatope.

Yasmin analumpha. Anavina. Anathamangira kwa amalume ake, a Makaiko.

A Makaiko anali a kabaza. Ankanyamula anthu pa njinga. Ankanyamula matumba a mpunga. Tsiku lina ananyamulapo mbuzi. Nkhani ya mbuziyo anthu a kwa Malemia anaimva mpaka kutopa nayo.

"Mazira okha basi?" anatero amalume, akuseka. "Bwera nawo kuno, iwe."

Anatenga jumbo yaing'ono. Munalowa mazira asanu. Anati asanu enawo adzawatenga ulendo wachiwiri. Jumboyo anaikoleka pa chiwongolero. Yasmin anakwera kumbuyo.

Msewu unali wafumbi. Unali wamiyala. Unali wamaenje. Njinga inkati gubudu, gubudu. Mazira m'jumbo ankati kho, kho, kho.

"Amalume, pang'onopang'ono," anatero Yasmin.

Amalume anati asade nkhawa. Anati iwo ananyamulapo mbuzi.

Gubudu, gubudu. Kho, kho, kho. Asanafike pa mlatho, kunamveka phwa. Madzi achikasu anatsikira pa tayala. Mazira onse asanu anali atasweka.

Yasmin analira. Analira njira yonse. Amalume anabwerera akukankha njinga. Anangoweramitsa mutu. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Mazira anatsala asanu okha.

Masana foni inaliranso. A Alima anati thadzi layamba kudzukadzuka. Mazira akapanda kufika mawa, lichoka pa chisa.

Yasmin anakhala pa khonde. Anapukuta misozi. Anayamba kuganiza. Anakumbukira kho, kho, kho uja. Mazira aja ankagundana. Ankamenyana okhaokha.

Anapempha amayi ndowa yaing'ono. Anapemphanso tomato wakupsa. Kuyesera dzira sakanatha. Tomato wakupsa naye sachedwa kuphulika.

Poyamba anang'amba kope lakale. Anaika mapepala m'ndowa. Anaikamo tomato. Anavundikira. Anagwedeza ngati njinga ya amalume. Anatchera khutu. Mkati munkati khu, khu, khu. Atatsegula, tomato anali ataphulika.

Kenako anatola udzu wouma. Anauika m'ndowa. Anaikamo tomato wina. Anavundikira. Anagwedeza. Anatchera khutu. Mkati munkati khu, khu. Tomato anazembera pansi pa udzu. Nayenso anaphulika.

Amayi anagwira m'chiuno.

"Yasmin, watsala tomato mmodzi," anatero. "Ukamuphwanya, lero tidya ndiwo zopanda tomato."

Yasmin anamugwira tomatoyo bwinobwino. Sanafune kulakwitsanso. Ali chomwecho, anamva chigayo cha mpunga chikulira. Kuseri kwa chigayocho kunali mulu wa mankhusu. Ana ankakonda kulumphirapo. Yasmin naye ankalumphirapo. Ankagwa ndi mawondo. Ankagwa ndi msana. Koma sanapwetekepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Anaimirira. Anathamanga ndi ndowa yake.

Bambo a pachigayo anali mbuu ndi fumbi. Yasmin anagwada. Anapempha mankhusu pang'ono. Bamboyo anaseka. Anati atape mmene angafunire, poti mankhusu alibe mwini.

Yasmin anadzaza ndowa. Anakwirira tomato pakatikati. Anavundikira. Anagwedeza. Anagwedezanso mwamphamvu. Analumpha nayo katatu. Anatchera khutu.

Mkati munali zii.

Anapisa dzanja. Tomato anatuluka wamphumphu. Analibe ndi kabala komwe. Amayi anamulandira n'kumudulira mu ndiwo.

M'mawa mwake Yasmin analawirira. Anathira mankhusu pansi pa ndowa. Anaimika dzira loyamba, nsonga pansi. Anathira mankhusu. Anaimika lachiwiri, patali ndi linzake. Anathira mankhusu. Dzira lililonse linali ndi malo ake. Palibe linakhudza linzake. Palibe linakhudza ndowa. Pamwamba anathiranso mankhusu mpaka kudzaza. Anaphimba ndi chitenje. Anamanga ndi chingwe.

Amalume anafika ndi njinga. Lero sankaseka. Anafuna kumangirira ndowa kumbuyo ndi mphira. Yasmin anakana mwaulemu.

"Ayi amalume, ndinyamula pamiyendo. Inu muziona maenje."

Amalume anavomera. Amayi anawafunira ulendo wabwino.

Gubudu, gubudu. Yasmin anaika khutu pa ndowa. Munali zii.

Anafika pa mlatho. Anadutsa pamene panaswekera mazira dzulo. Yasmin anagwiritsitsa ndowa. Gubudu, gubudu. Anaikanso khutu. Munali zii.

Anadutsa amayi osenza nkhuni. Anadutsa ana opita ku madrasa. Anafika pa msewu wa tala. Lole yaikulu inadutsa ndi chimphepo. Njinga inagwedezeka. Amalume anatsikira kumbali, m'miyala. Gubudu! Yasmin anakumbatira ndowa ndi manja onse. Sanaisiye.

A Alima anali akudikira pa khomo. Sanayambe n'kupereka moni. Maso awo anali pa ndowa.

Yasmin anamasula chingwe. Anachotsa chitenje. Ankachita mantha. Anafukula mankhusu pang'onopang'ono.

Dzira loyamba linatuluka. Linali lamphumphu.

Lachiwiri linatuluka. Linali lamphumphu.

Lachitatu. Lachinayi. Onse anali amphumphu.

Lachisanu silinkaoneka. Yasmin anafufuza uku. Anafufuza uko. Amalume anavula chipewa. Kenako chala cha Yasmin chinakhudza kanthu kosalala. Analitulutsa. Analitembenuza. Linalibe mng'alu.

"Onse asanu, achemwali!" anatero Yasmin.

A Alima analuluta. Amalume anaomba m'manja. Anauza anthu odutsa kuti mwana wanzeruyu ndi mwana wa mlongo wawo.

A Alima anatenga khala. Analemba kamzere pa dzira lililonse. Anati mazira a Yasmin asasokonezeke ndi ena amene nkhuku zina zingaikire pa chisapo. Kenako anapita ku chisa. Thadzi linali litaimirira kale. Linkafuna kutuluka. Yasmin anaika mazira msangamsanga. Thadzilo linawayang'ana ndi diso limodzi. Linawayang'ana ndi diso linalo. Linawakokera pansi pake ndi mlomo. Kenako linakhala pansi, phee.

Sabata yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Yasmin ankafunsa amayi tsiku ndi tsiku. Amayi ankati adikire. Sabata yachitatu itatha, foni inalira.

Ulendo uno anapita onse. Amayi anakwera kumbuyo. Yasmin anakhala pamiyendo pawo.

Pabwalo pa a Alima, thadzi linkayenda monyada. Pambuyo pake panali anapiye akuda. Mmodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Onse ankati piyo, piyo, piyo.

Yasmin anagwada pansi. Anatambasula manja. Kamwanapiye kamodzi kanakwera pa chikhatho chake. Kanali kopepuka. Kanali kofunda. Kanatsinzina. Yasmin anasangalala mpaka misozi.

Amayi anagwada pambali pake. A Alima anagwadanso. Amalume anatsegula pakamwa kuti ayambe kufotokoza.

"Amalume, chonde musasokose," ananong'oneza Yasmin. "Mwana wanga akugona."